Damu Linagumukira M'kati

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anali ndi dimba kuseri kwa Nkaneng, m'munsi mwa damu la pafamu ina. Anabwera ku Joni ine ndisanabadwe, nagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka tsitsi kuyera, ndipo atapuma sanabwerere ku Ntcheu. Ankati anzawo onse a kumudzi ali kumanda, akapita akacheza ndi ndani. Penshoni inkawakwanira, koma manja awo sankadziwa kukhala chabe, n'chifukwa chake anapempha kamalo kolimapo. Ankadzala mpiru, nkhwani, therere ndi bonongwe, ndiwo zimene Mmalawi akazisowa kuno mtima umamuwawa.

Ine ndinkakhala ku Boitekong, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Pakati pa sabata ndinkachapa ndi kukolopa m'nyumba ina ku Waterfall East, Loweruka n'kukwera takisi kupita kudimba kukathandiza kuthyola ndiwo. Amalume ankanditcha "mayi", ati nkhope yanga ndi ya mayi awo.

Damulo silinali la simenti. Khoma lake linali mulu wautali wa dothi lakuda, makande enieni, umene unatseka kamtsinje kalekale. Pamwamba pake panali kanjira koti galimoto n'kudutsa, ndipo m'mphepete mwa kanjirako, mbali ya kumadzi, munali waya waminga womangidwa pa mitengo. Eni famuyo anali mayi achitswana amasiye, amene tonse tinkangowatchula kuti Mma. Ndi iwo analola amalume kuika kapampu kawo pamwamba pa khomalo, paipi yake mbali ina ikulowa m'madzi, mbali inayo ikutsikira kudimba.

Chaka chimenecho, zikondwerero za chaka chatsopano zitangotha, mvula inagwa ngati yaiwala kuleka. Misewu ya ku Nkaneng inasanduka phala, matakisi ankatitsitsira kutali. Damu linadzaza mpaka pakamwa. Kenako m'munsi mwa khomalo, mbali ya kudimba, panayamba kunyowa. Amalume ndi amene anayamba kupaona: malo aakulu ngati mphasa, madzi akutuluka mu udzu pamene sipanatulukepo madzi chiyambire. Anakauza Mma.

Nkhani inafala tsiku lomwelo. Kumunsi, m'mphepete mwa kamtsinje kaja, kunali mikhukhu yambiri, tinyumba ta malata timene anthu amamanga akabwera kudzasaka ntchito kumigodi. Anthuwo atamva kuti damu likudontha anapita gulu pachipata cha Mma, akuimba ndi kukuwa kuti madzi atsegulidwe asanawakokolole ndi ana awo. Sindikuwadzudzula. Ndikanakhala kumunsiko, inenso ndikanapita nawo.

Mma anaimbira foni kampani ina ya mainjiniya oona za madamu. Anawayankha kuti mvula yaononga paliponse, anthu awo onse ali kutchire, wina abwera kumapeto kwa sabata. Koma munthu angadikire bwanji khamu lili pachipata? Mma anatsegula paipi yaikulu ya pansi pa damu mpaka kumapeto, ndipo mkamwini wawo, amene amagwira ntchito kwa makontilakita, anabwereka mapampu akuluakulu ngati aja amapopera madzi m'migodi. Mapampuwo analira osapuma.

Loweruka lotsatira, nditatsika takisi, ndinadabwa kuona anthu akulowera kufamu atanyamula ndowa ndi matumba, ena akukankha mawilibala. Mvula inali italeka, kumwamba kuli mbee. Nditakwera pamwamba pa khoma ndinaima kukamwa kuli yasa. Loweruka lapitalo madzi ankanyambita udzu wa m'mphepete mwa kanjira. Tsopano anali atathawira pansi kutali, ndipo mbali yonse ya m'kati ya khomalo inali pambalambanda, yakuda bii, yaitali kuposa nyumba. Pansi pake, m'matope, munali anthu. Nsomba zinali zitatsakamira m'timaenje ta madzi otsalira, milamba yonenepa ngati ntchafu ya munthu, ndipo amuna ndi akazi ankaigwira ndi manja, akugwa, akuseka, akuitanizana m'zilankhulo zonse za kuno. Wina anabweretsa ndi wailesi yomwe. Kunali ngati kuukwati. Mayi wina amene ndinakumana naye, thumba la nsomba lili pamutu, anandiuza kuti chiyambire mvula ija, sabata imeneyo ndi pamene anapeza tulo.

Amalume anali pansipo. Madzi atathawa, mutu wa paipi yawo unatsala utakwiririka m'matope, ndipo ankafuna kuuzula kuti aukokere kumene kunali madzi. Panali bambo wina wa chipewa chofiira chaubweya amene ankawathandiza. Sindinkamudziwa. Anali wamtali, wa zaka zapakati, ndipo ankalankhula ndi amalume Chifanakalo, chilankhulo cha pansi pa mgodi.

Ine sindinatsike chifukwa ndinali nditavala nsapato zanga za kuntchito. Ndinakhala pamwamba, pafupi ndi kapampu, nditagwira fulasiki ya tiyi wa amalume. Pali zinthu zimene ndinaona osaziganizira kanthu. Khoma lakudalo linkanyezimira, madzi akutuluka m'kati mwake n'kumatsetsereka m'timizere ngati thukuta pamsana, chonsecho mvula inali isanagwe masiku angapo. M'kanjira kapamwamba namo munali mng'alu wautali wotsata kanjirako. Ndinangoudumpha. Makande amang'aluka dzuwa likawala, aliyense wokulira kumudzi amadziwa zimenezo.

Dzuwa litakwera kunafika galimoto yoyera. Munatuluka Mma ndi mtsikana wina wa msinkhu wanga, wovala majombo ndi chisoti choyera. Ameneyo ndiye anali injiniya uja. Anakwera khomalo akucheza, iye akuseka ndi zimene Mma ankanena. Atafika pamwamba n'kusuzumira m'damumo, kuseka kunathera pomwepo.

Ankalankhula Chitswana chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo ndinali pafupi, ndinamva zonse.

"Madzi anali pati?" anafunsa.

Mma analoza mzere wa zinyalala ndi mabango umene madzi anasiya pafupi ndi waya.

"Liti?"

"Sabata yathayi. Tayesetsa, mwanangu, mapampu sanapume."

Mtsikanayo anayenda mofulumira kutsata mng'alu uja, nagwada. Anali ndi kachitsulo kakatali m'manja. Anakalowetsa mumng'alumo ndipo kanalowa konse osagunda kanthu. Anaika chikhatho mbali ino ya mng'alu, kenako mbali inayo. Ndi pamene inenso ndinaona kuti mbali ya kumadzi inali yotsikirapo, ngati sitepe ya pakhonde. M'mawa pamene ndinkadumpha sinali choncho.

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikusintha chomwecho. Milomo yake inachita kutuwa.

"Zimitsani mapampu," anatero. "Tsekani paipi ija. Pompano. Madzi asatsikenso ngakhale pang'ono."

Mma anamuyang'ana ngati wapenga. "Nditseke? Anthu awa andipha. Si ndi iwo anati nditsegule?"

"Mma, khoma ili likugwa. Likugwera m'katimu, pa anthuwa."

Anadzuka n'kuyamba kuthamanga m'kanjiramo, akukupiza chisoti chake m'mwamba, akukuwa m'Chitswana, m'Chizulu, m'Chingerezi, kuti aliyense atuluke, asakwere khomalo koma atulukire m'mbali. Anthu anaweramuka n'kumamuonerera. Bambo wina anakuwa ali pansipo kuti madzi apita, tiope chiyani, fumbi? Wina anati a pafamu akufuna nsombazi azidye okha. Anthu anaseka. Ngakhale ine sizinkandilowa m'mutu. Masiku onse aja tinkaopa madzi. Madziwo anali atachoka. Tsono mtsikanayu ankati atsekerenso otsalawo m'damu momwemo?

Mapampu anazima, ndipo bata limene linagwa linachititsa anthu kuyang'ana kumwamba. Apo ndi pamene anaona Mma, duku litagwa, akukuwa mpaka mawu kusasa. Aliyense ankadziwa kuti Mma si munthu wokweza mawu. Anthu anayamba kutuluka, akung'ung'udza, akukoka matumba awo m'matope kulowera m'mbali. Wailesi ija inazimitsidwa.

Amalume ndi mnzawo uja sanasunthe.

"Amalume!" ndinakuwa. "Akuti mutuluke!"

Anaweramuka, nadziphimba kumaso ndi dzanja chifukwa cha dzuwa. "Akuti bwanji?"

"Akuti khoma likugwa!"

Analiyang'ana khomalo modekha, kuyambira pansi mpaka pamene ndinaima ine. Kenako anaseka.

"Mayi, ine ndakalambira pansi pa mwala. Tafula ikafuna kugwa imayamba yalankhula, timaimva." Tafula ndi mmene a kumgodi amatchulira denga la mwala. "Apa pamutu panga pali thambo lokha. Tingozula paipiyi, tikubwera."

"Amalume, chonde!"

"Thira tiyiyo, ndikubwera."

Bambo wa chipewa chofiira anandikwezera dzanja akumwetulira, nagwiranso paipi.

Ndinamva wina akundigwira pamkono. Anali injiniya uja. Anandikoka mwankhanza kundichotsa pafupi ndi kapampu, kundidutsitsa mng'alu uja, kulowera kumapeto kwa khoma kumene kunali nthaka yolimba. Fulasiki inandipulumuka. Ndinatembenuka kuti ndiitole.

Sipanamveke kuphulika. Chimene ndinayamba kuona ndi mitengo ya waya ija. Inayamba kuyenda. Inali chiimire, waya ali pomwepo, koma yonse pamodzi ikutsika ngati anthu ogwirana manja. Maso anga anakana. Ndinaganiza kuti ndikuchita chizungulire. Kenako panamveka phokoso ngati nsalu yonyowa ikung'ambika, lalitali, losatha, ndipo theka la kanjira, pomwe ndinali nditakhala m'mawa wonse, linachoka ndi udzu wake, ndi kapampu, ndi fulasiki. Silinathamange. Linkatsika ngati ng'ombe ikugwada. Koma pansi, kumapazi kwa khomalo, matope anatukumuka n'kukhuthukira kutsogolo, ndipo pamene panali anthu awiri aja panangokhala chakuda. Kunabwera fungo la matope a pansi, lonunkha ngati mazira ovunda.

Ndinakuwa, koma mawu ake sindikuwakumbuka. Ndinafuna kuthamangira pansi. Mtsikana uja anandikumbatira m'chiuno, tonse tinagwera pa udzu. Ndinamumenya manja, ndinamutukwana m'Chichewa. Sanandisiye.

"Ukatsikira apa umira nawenso," anatero akupuma movutikira. "Lotsalali likhoza kutsikanso. Taona uko. Ali moyo. Taona!"

M'mphepete mwa matope atsopanowo munali mutu ndi mapewa, ndi dzanja limodzi likugwedezeka. Tsitsi loyera lokha ndi limene linandiuza kuti ndi amalume.

Khamu lija linali litabwerera, akazi akulira, amuna ena akufuna kudumphiramo. Injiniya anaima patsogolo pawo atatambasula manja. Nthawi imeneyi panalibe woseka. Anati pasapezeke munthu pamwamba pa khoma kapena kunsi kwake, opita kwa amalume adzere kumbali, ndipo akhale ochepa. Anati tibweretse chilichonse chophwatalala choyala pamatope: malata, zitseko, matabwa. Bambo uja anafunsa ngati tiope fumbi ndi amene anayamba kuthamanga. Anabwerera atasenza chitseko cha mkhukhu wake, mahinjesi akulendewera. Ena anazula malata a zimbudzi ndi makola a nkhuku. Posakhalitsa panali kanjira ka malata kofika pamene panali amalume.

Panapezeka madala angapo a ku Nkaneng amene anagwirapo ntchito pansi pa mgodi. Iwowa sanalankhule zambiri. Anavula malaya, natenga mafosholo, nayenda chokwawa pamalatapo. Injiniya anakaima kumbali pamene ankaona bwino khoma lotsalalo. Anawauza kuti akangokuwa, asiye zonse athawe, asayang'ane m'mbuyo.

Makande onyowa sakumbika. Ukachotsa fosholo imodzi, ena amabwerera pomwepo, ndipo amagwira ngati ulimbo. Madala aja anazika malata choimika mozungulira amalume kuti matope asabwerere, n'kumakumba ndi manja pafupi ndi thupi. Anali atafika cha m'chiuno pamene mtsikana uja anakuwa mawu ochenjeza a kumgodi, "Pasopa!" Onse anathawa chokwawa. Chigawo china cha khoma chinasenduka pamwamba n'kutsetsereka. Amalume anatsala okhaokha pakati pa matope, atatembenuza khosi kuyang'ana dothi likubwera. Pa zonse za tsiku limenelo, chimenechi ndi chimene chimandidzidzimutsabe ngakhale ndili pakati pa ntchito. Dothilo linaima lisanawafike. Patapita kanthawi injiniya anawakodola, madala aja n'kubwerera.

Kenako mmodzi wa iwo anabwera kudzafunsa ngati pali wachibale. Anati mkuluyu wasiya kuyankha Chifanakalo, akulankhula chakwawo, sakumumva. Ndinavula nsapato n'kukwawa pamalatapo. Ankatentha ndi dzuwa, ndipo pansi pake pankanjenjemera ngati mimba ya chinyama. Ndinafika n'kugwira mutu wa amalume. Nkhope yawo inali yotuwa, m'makutu ndi m'ndevu muli matope.

"Mayi," anatero chonong'ona, "mnzanga uja mwamutulutsa?"

Chigwere khomalo, bambo wa chipewa chofiira anali asanabwere m'mutu mwanga ngakhale kamodzi.

"Anali apa, kumanzere kwangaku. Anagwira paipi. Mwamutulutsa?"

Ndinayang'ana kumanzere. Kunali matope osalala, akuda, onyezimira. Kunalibe dzanja, kunalibe chipewa.

Ndinauza madala aja. Anasiya kukumba n'kuyang'anana. Mmodzi anaimirira nakuwira khamu, kufunsa amene anabwera ndi bambo wa chipewa chofiira, kapena amene akumudziwa. Funsolo linayenda m'zilankhulo zonse kuzungulira damu. Panalibe woyankha. Anthu onse aja, ndipo palibe amene anazindikira kuti pakusowa munthu. Ena anayamba kubaya matopewo ndi nsungwi ndi zitsulo zazitali, koma sanagunde kanthu.

Amalume anawazula dzuwa litapendeka. Majombo anatsalira momwemo. Mwendo wakumanzere, kunsi kwa bondo, unali utaloza kumene mwendo suloza. Sanalire. M'ambulansi, njira yonse, ankangofunsa za mnzawo uja.

Mtembo wake unapezeka tsiku lotsatira, atabweretsa chigalimoto chokumba cha mkono wautali chimene chinkagwira ntchito chili kumbali. Anali pansi kwambiri, pafupi ndi paipi.

Patapita masiku apolisi anandiitana kufamuko kuti ndikafotokoze zimene ndinaona. Ndinapeza malowo atawazinga ndi tepi. Khomalo linkaoneka ngati buledi wolumidwa mbali imodzi. Injiniya uja anali pomwepo ndi anzake, akukhoma zikhomo m'mbali mwa ming'alu ndi kuyeza ngati zikusuntha. Atandiona anabwera. Maso ake anali ofiira. Ndinayamba kupepesa za mawu amene ndinamulankhula, koma anati sanawamve n'komwe, nafunsa za amalume. Tinakhala kumbuyo kwa galimoto yake.

"Ausi," ndinatero, monga timaitanirana akazi kuno, "tandiuzani. Ife tinkaopa kuti madzi agumula damu. Madzi anachoka. Nanga lagumuka bwanji?"

Analoza khomalo.

"Dothi ili lakhala likumwa madzi zaka zonsezi, m'kati mwake ndi monyowa kotheratu. Damu likadzaza, madzi akunja amalitsamira khomali, amaligwiriziza. Mukawatsitsa pang'onopang'ono, am'kati nawo amapeza nthawi yotuluka. Koma dothi lakudali silitaya madzi msanga. Akunja anachoka mothamanga, am'kati anatsala akukankha kufuna potulukira. Dothi lili lolemera, loterera, choligwira palibe. Ndiye linatsika."

Ndinakumbukira mabulangete amene ndimachapa ku Waterfall East. Bulangete likakhala m'bafa lodzaza madzi ndimalitembenuza ndi dzanja limodzi. Ndikangotsegula kuti madzi atuluke, limafwamphukira pansi, ndipo polinyamula msana umachita kulira. Ndinamuuza zimenezi.

"Ndi zomwezo," anatero.

"Tsono kudontha kuja kunali kwabodza? Anthu anaopa pachabe?"

"Ayi, kunali koopsa ndithu. Madzi ankafunika kutsitsidwa. Koma mwapang'onopang'ono, wina akuyendera khomali tsiku ndi tsiku kuyang'ana ming'alu, ndipo kunsi kwake kusakhale munthu." Anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya. "Aliyense amaopa damu lodzaza. Lophwa msanga saliopa. Ngakhale eni mafamu ambiri sadziwa."

Anandiuzanso kuti khoma lotsalalo lapyapyala kwambiri, ndipo mvula ikabweranso damu n'kudzaza, likhoza kuphulika ndithu, kugwera mikhukhu ija. Choncho anagwirizana ndi Mma kuti alidule pakati, kamtsinje kazingodutsa. Anachitadi zimenezo mwezi womwewo. Mma anaonerera ali m'galimoto, osatsika. Anabwera kamodzi kuchipatala, nakhala pampando pafupi ndi bedi la amalume mpaka nthawi yoona odwala inatha.

Bambo wa chipewa chofiira anakhala m'nyumba ya chisoni popanda womudziwa. Amene anathandiza ndi mayi wina wa ku Nkaneng, amene anaona kuti zovala za mnansi wake zakhala pachingwe masiku ambiri, zikunyowa ndi kuuma, loko ali chikhomere pachitseko. Anakauza apolisi, ndipo iwo anamutenga kuti akaone mtembo. Anali iyeyo. Anali wa ku Mozambiki, wobwera kumene, akudikira kuti mwina alembedwa ntchito kumgodi. Anthu a kwawo anafufuzana pa mafoni mpaka uthenga unafika kumudzi.

Mkulu wake wa malemuyo anabwera kudzatenga maliro. Asananyamuke anapempha kuti aonane ndi munthu amene analankhula naye komaliza. Nthawi imeneyo amalume anali atatuluka m'chipatala, akukhala kwa mkulu wa mpingo wathu ku Boitekong, mwendo uli ndi zitsulo. Ndinali pomwepo tsiku limene mlendoyo anafika. Anali wamtali ngati mng'ono wake, ndipo atangoima pakhomo amalume anagwira m'mphepete mwa mpando. Anayesa kuimirira, koma mlendoyo anawaletsa, nakhala pansi pa simenti pafupi ndi mapazi awo. Nayenso anagwirapo ntchito kumgodi, choncho analankhulana Chifanakalo, ine ndikutolako apo ndi apo.

"Anavutika?" anafunsa mlendoyo.

"Sindinamve kulira," anatero amalume. "Zinachitika msanga."

"Ananena chiyani komaliza?"

"Anati, donsa, madala. Kokani, akulu. Ankaseka, chifukwa paipi inali itayamba kuzuka."

"Basi?"

"Basi. Ndinali nditangomuona m'mawa womwewo. Anandiona ndikulimbana ndi paipi ndekha, anasiya thumba lake la nsomba n'kubwera. Sindinamuitane. Ngakhale dzina sindinamufunse."

Mlendoyo anaweramitsa mutu. Kenako anati ndi mmene analili mng'ono wakeyo kuyambira ali wamng'ono, sankadutsa munthu wosenza katundu. Anawauza amalume dzina lake. Amalume analibwereza, nalakwitsa, mlendoyo n'kuwakonza, mpaka analitchula bwino. Pamenepo ndi pamene ndinaona amalume akulira, koyamba chidziwireni. Analira mokweza, kukamwa kuli kotsegula, ndipo mlendoyo anawagwira bondo la mwendo wabwinowo mpaka anatonthola.

M'mawa mwake tinapita kukaperekeza galimoto ya maliro pamsewu waukulu. Amalume anaumirira kupita, tinawanyamula pokwera ndi potsika takisi. Panabwera madala aja anakumba, ndi mayi wa zovala uja, ndi anthu ena ochepa a kumikhukhu. Tinaimba nyimbo imodzi imene tonse tinkaidziwa, aliyense m'chilankhulo chake.

Amalume akadali ku Boitekong. Zitsulo anazichotsa, koma mwendo unafupika, amayenda ndi ndodo. Sanafunenso dimba lina. Masiku ano amasoka nsapato pakhonde pa mkulu wa mpingo uja, ndipo Loweruka ndikapita amandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi, chifukwa maso ayamba kuwavuta.